Kuulula Kopanda Kulapa: Mlandu wa Tony Soprano

Pa 10 Juni 2007, anthu pafupifupi mamiliyoni 12 a ku America adakhala chete patsogolo pa wailesi zao zakanema kuti aone m'mene Tony Soprano athere. Chimene adaona ndi ichi. Tony waloŵa m'nyumba yodyera yotchedwa Holsten's, m'tauni ya Bloomfield ku New Jersey, wakhala pansi, waponya ndalama m'makina oimba nyimbo. Pa chitseko pali kabelu, ndipo kakangolira iye amadzutsa mutu kuti aone amene waloŵa. Wafika mkazi wake Carmela. Wafika mwana wake wamwamuna A.J., ndipo patsogolo pake paloŵa mlendo wovala jekete, amene wakhala chapatali namacheukira ku tebulo lao, kenaka wanyamuka kupita kuchimbudzi. Panja, mwana wao wamkazi Meadow akuvutika kuimika galimoto. Waimika, wathamangira ku chitseko, kabelu kalira, Tony wadzutsa mutu, ndipo pomwepo chithunzi chazima, nyimbo yaduka pakati. Mdima wa zii udakhala masekondi ngati 10. Ambiri adayesa kuti wailesi zao zaonongeka.

Kuyambira usiku umenewo mkangano sunathe. Ena amati mlendo wa jekete uja adatuluka m'chimbudzi ali ndi mfuti, ndipo mdimawo ndi imfa ya Tony. Ena amati palibe chidachitika: banjalo lidadya, lidalipira, nkubwerera kwao. Mkangano womwewu tidaupeza pakati pa ophunzira athu a za unsembe madzulo ena titatha kudya. Wina adati, "Bambo, munthu uja adamuombera, ndipo zidamuyenera." Mnzake adayankha kuti wokondwera ndi imfa ya wochimwa sanamuŵerenge Mneneri Ezekiele. Onse aŵiri adatipempha kuti tigamule. Usiku umenewo tidakana, koma funso lao lidatitsata, ndipo zimene tikulemba panozi ndiye yankho lathu. Ife tikuti funso la mfuti nlaling'ono. Lalikulu ndi ili: munthu amene adakhala zaka ngati 7 akufotokozera dokotala za mumtima mwake, kodi adalapa? Ngati sadalape, chidamletsa nchiyani?

Kwa aŵerengi amene sadalione seŵeroli, tiyambe tafotokoza pang'ono. The Sopranos ndi seŵero la pa wailesi yakanema limene adaliyambitsa David Chase, nalilemba mothandizana ndi ena, ndipo kampani ya HBO idalionetsa m'zigawo 86 kuyambira mu 1999 mpaka mu 2007. Amene adaseŵera ngati Tony ndi James Gandolfini, amene adamwalira ku Rome mu 2013. Tony ndi mdzukulu wa anthu ochokera ku Italy, mtsogoleri wa gulu la zigaŵenga za Mafia kumpoto kwa New Jersey. Akamfunsa ntchito yake amati ndi mlangizi wa zochotsa zinyalala, koma ndalama zake zimachokera ku juga, katapila, kuba katundu, kuopseza eni mabizinesi ndi kupha. Ndi Mkatolika wa pa ubatizo, pa ukwati ndi pa maliro. Tichenjezeretu kuti si seŵero loonera pamodzi ndi ana: muli kutukwana, umaliseche ndi magazi, pena zochuluka kuposa m'mene nkhaniyo ikufunira.

Nkhani imayamba ndi abakha. Abakha akutchire adatera m'dziŵe losambira la kunyumba kwa Tony, ndipo munthu wamkulu thupi ameneyu, amene anthu amanjenjemera akamva dzina lake, ankaloŵa m'madzi ndi mkanjo wake wogonera kukaŵadyetsa. Tsiku limene abakhawo adauluka, iye adagwa pansi nkukomoka. Madokotala sadapeze nthenda m'thupi mwake, motero adamtumiza kwa Jennifer Melfi, dokotala wa matenda a maganizo. M'chigawo choyamba chomwecho, Tony ali gone pa makina opimira m'mutu, Carmela adamuuza mosapsatira kuti akadzafa adzapita ku Gehena. Tsono funso la mathero ake silidayambe ndi oonerera mu 2007 ai. Lidafunsidwa m'seŵero momwemo pa tsiku loyamba, ndipo adaliyambitsa ndi mkazi wake.

Omuikira kumbuyo ali nazo mfundo, ndipo tisazipeputse. Amati taonani kumene adachokera. Ali ndi zaka 11 adaona bambo ake akudula chala cha wogulitsa nyama chifukwa cha ngongole ya juga, ndipo madzulo ake adaona mai ake akusangalala ndi nyama yochokera kwa munthu yemweyo. Mai akewo, a Livia, ndi nkhalamba yodandaula, yosayamika, imene idanong'oneza mlamu wake Junior mpaka iye adatuma anthu kuti akaphe Tony. Ndani angakule woongoka m'nyumba yotere? Mpingo nawonso sutseka maso pa zoterezi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992, pa nambala 1735, amavomera kuti umbuli, mantha, chizoloŵezi ndi zovuta za m'maganizo zingathe kuchepetsa mlandu wa munthu pa zochita zake, pena kuuchotseratu. Omuikira kumbuyowo amatinso Tony amakonda ana ake, ndipo nzoona. Pamene A.J. adadziponya m'dziŵe lomwe lija kuti adziphe, Tony adalumphira m'madzi ndi suti yake yomwe, namtulutsa, ndipo atamkalipira adamfukata ngati khanda. Palibe amene angaone zimenezo nkunena kuti munthuyu ndi chiŵanda.

Akadakhala chiŵanda nkhaniyi ikadatipepukira. Vuto nlakuti ndi munthu, ndipo amadziŵa chimene akuchita. M'chigawo chachisanu, mu 1999, adaperekeza Meadow ku Maine kukaona masukulu aukachenjede. Panjira adazindikira munthu wina amene kale adaulula zinsinsi za gululo kwa boma, nasintha dzina nkukabisala kumeneko. Tony adamsakasaka usiku, ndipo m'maŵa mwake adasiya mwana wake pa sukulu ina, nakamnyonga munthuyo ndi waya, nabwerera kukatenga mwanayo ali ndi bala m'dzanja, nkumnamiza za balalo. Pano palibe mantha, palibenso umbuli. Pali kuganiza mofatsa, kudikira ndi kusankha nthaŵi. Akuluakulu a HBO adaopa kuti oonerera amuda akaona zimenezi, koma Chase adaumirira, ndipo oonerera sadamude. Tidzabwereranso ku mfundo imeneyo.

Chigawo chimene chikuyenera kukambidwa m'kalasi la za makhalidwe ndi cha mu 2000. Christopher Moltisanti, mnyamata amene Tony ankamuyesa mwana wake, adaomberedwa, mtima wake nkuima kanthaŵi, ndipo atatsitsimuka adanena kuti adafika ku Gehena nakapezako bambo ake. Pompo zigaŵenga zidasanduka akatswiri a zaumulungu. Paulie, wakupha anthu wokalamba, adamlimbitsa mtima kuti kumeneko kudali ku Purigatoriyo chabe, ndipo adali nayo samu yake: machimo aakulu uchulukitse ndi 50, aang'ono ndi 25, uphatikize, ndiye zaka zako zimenezo. Zake adapeza kuti nzokwana ngati 6,000, nati nzochepa poyerekeza ndi muyaya. Pambuyo pake adakakalipira wansembe wa parishi yake kuti zopereka zake za zaka zambiri sizidamteteze, nati waleka kupereka. Tikhoza kuseka, koma Paulie sali yekha amene amamuyesa Mulungu bwana wina wa Mafia, woti ukamlipira azikuteteza.

Yankho la Tony nloopsa kuposa la Paulie chifukwa likumveka lanzeru. Melfi atamfunsa ngati iyenso adzapita ku Gehena, adati moto ndi wa anthu onga Hitler ndi Pol Pot ndi ozunza ana. Iye ndi anzake ndi asilikali, amapha okhawo amene adaloŵa nao m'nkhondoyo akudziŵa malamulo ake. Adaonjeza kuti olemera a ku America amene adadyera makolo ake masuku pamutu adali akuba nawonso. Mbali yachiŵiriyi ili nacho choonadi chake, koma kuba kwa wina sikumsandutsa Tony msilikali. M'chiphunzitso cha Augustine Woyera ndi Thomas Aquinas, nkhondo yololedwa imafuna ulamuliro woyenera, chifukwa cholungama ndi cholinga cholungama. Tony adadzituma yekha, ndipo cholinga chake ndi envulopu ya ndalama. M'chigawo chomwecho adagwira mnyamata amene adaombera Christopher, nampatsa chakumwa choziziritsa kukhosi, namupha mnyamatayo akulira kuitana mai ake, kenaka adapita ndi mnzake kukadya nyama yootcha. Nanga amene sadaloŵe m'nkhondoyo? Davey Scatino, mnzake wa kusukulu, adali mwini sitolo. Atagwa m'ngongole ya juga, Tony adayamwa sitoloyo mpaka idatsekedwa, ndipo Davey atamfunsa chifukwa chake adamlola kuloŵa m'jugayo, iye adamkumbutsa nthano ya chule ndi chinkhanira, nati ndi chibadwa chake.

Mau akuti chibadwa ndiwo tiyenera kuŵayesa. Aristotle, m'buku lachisanu ndi chiŵiri la Nicomachean Ethics, amasiyanitsa anthu aŵiri. Wina ndi wofooka: amadziŵa chabwino, amachifuna, koma chilakolako chimamgwetsa, ndipo akagwa amamva chisoni. Wina ndi woipa: wasankha njira yake ndipo saidandaula. Woyambayo amachiritsika, wachiŵiriyo ai. Luso la Gandolfini lidali lotichititsa kukhulupirira kwa zaka zambiri kuti Tony ndi wa mtundu woyamba: maso achisoni aja, kupuma kolemera kuja, misozi ya abakha ija. Koma tifunse kuti amalirira chiyani. Mu 2001 Ralph Cifaretto, mmodzi wa anthu ake, adamenya mtsikana wa zaka 20 mpaka kumupha. Tony adakwiya, adammenya Ralph, koma posakhalitsa adamkweza pa udindo, pakuti ankabweretsa ndalama zambiri. Mu 2002 kavalo wa mpikisano amene Tony ankamkonda adapsa m'khola, ndipo pomganizira Ralph yemweyo kuti ndiye adatentha kholalo, adamupha ndi manja. Chifundo chake nchenicheni, koma chimathamangira kumene sichimlipiritsa kanthu. M'buku lachitatu Aristotle amafanizira khalidwe ndi mwala: ukauponya sungaubwezenso m'dzanja, komabe udali nao ufulu wosauponya. Nyumba ya a Livia idampatsa mwalawo. Woponya tsiku ndi tsiku ndi mwini wake.

Apa ndipo pali pakati pa mlanduwu. Msonkhano wa ku Trent, mu 1551, udaphunzitsa kuti wolapa ali ndi zochita zitatu: chisoni, kuulula ndi kulipira. Udafotokozanso kuti chisoni chenicheni sichingokhala kuŵaŵidwa mtima, koma kudana ndi tchimo limene wachita pamodzi ndi kutsimikiza kusachimwanso. Chipinda cha Melfi chimaoneka ngati malo olapira: anthu aŵiri, chitseko chotseka, chinsinsi. Koma kuyambira tsiku loyamba dokotalayo adamchenjeza kuti akamva zoti wina aphedwa, lamulo limkakamiza kukanena. Motero Tony adaphunzira kuzemba. Amaulula mabala amene adalandira, osati amene adapereka. Amanena za mai ake, za maloto ake, za mantha ake, ndipo pena amafika pafupi kwambiri ndi choonadi. Koma kutsimikiza kuleka sitikumva. Chimene ankafuna kwa dokotala nkuti kukomoka kuleke kuti agwire bwino ntchito yake. Malangizo amene adalandira a kakhalidwe ndi okalamba adaŵagwiritsa ntchito pompusitsa Junior kuti azidziyesa mfumu ya gulu pamene wolamula adali iye. Melfi atamtchulira buku la Sun Tzu la luso la nkhondo, adaliŵerenga naliyamika kuti likumthandiza pa uchigaŵenga.

Mfumu Herode, monga tikuŵerenga pa Marko 6, inkakonda kumva Yohane Mbatizi akulankhula. Inkathedwa nzeru ndi mau ake, inkamdziŵa kuti ndi wolungama, komabe idamdula mutu. Pali mtundu wa munthu amene amakonda kumva choonadi cha moyo wake monga m'mene ena amakondera nyimbo. Amatuluka atapepukidwa, ndipo kupepukidwako ndiko kumampatsa mphamvu zopitirizira. Mu 2007 Melfi adaŵerenga kafukufuku wa Samuel Yochelson ndi Stanton Samenow wonena kuti zigaŵenga zina zimagwiritsa ntchito chithandizo chotere ponola luso lao lonyenga, ndipo adamtsekera Tony chitseko. Ndionetsetse adathetsa nkhosa: adachedwa ndi zaka zambiri. Koma tisamveke ngati tikunyoza udokotala wa maganizo, umene wathandiza anthu ochuluka, ansembe omwe. Ngozi imene Melfi adaizindikira ilinso pa mpando wathu wolapitsira, pamene chikhululukiro chisanduka sopo wa Loŵeruka lililonse. Ndipo timpatse ulemu wake mai ameneyu. Mu 2001 adagwiriridwa, wolakwayo namasulidwa chifukwa cha kuphonya kwa apolisi. Adadziŵa kuti akangomuuza Tony, munthuyo safika maŵa. Tony atamfunsa ngati ali ndi kanthu kofuna kumuuza, adayankha liu limodzi lokha lokana. M'zigawo 86 zonsezo, anthu amene adakana mphatso ya Tony akuifunitsitsa ndi oŵerengeka.

Tsopano tifike pamene pakutipweteka ife ansembe. M'seŵeroli Mpingo ulimo, koma mau ake ndi ofooka. Usiku womwe Tony ankasaka munthu uja ku Maine, Carmela adaulula machimo ake kunyumba kwao kwa Bambo Phil Intintola, wansembe wa parishi yao. Adati wasiya cholungama nasankha chofeŵa, ndipo walola choipa kuloŵa m'nyumba mwake chifukwa chofuna nyumba yabwino ndi masukulu abwino a ana ake. Kuulula kumeneku nkoona kuposa kulikonse kwa mwamuna wake. Bambo Phil adamuuza kuti alape moona ndi kuthandiza mwamuna wake kusintha, nampatsa Ukaristia. Mauwo sadali olakwa. Cholakwa nchakuti adapitiriza kubwera kudzadya zonona zogulidwa ndi ndalama zomwezo, ndipo mkamwa modzaza simutuluka chidzudzulo.

Amene adamtsina khutu adali mlendo. Mu 2001 Carmela adapita kwa dokotala wina wokalamba, Myuda, dzina lake Krakower. Iyeyu adamuuza kuti atenge ana nkumsiya mwamunayo, osatengako kanthu ka chuma chake. Adakana malipiro ake nati ndi ndalama za magazi. Ndipo adamchenjeza kuti sadzathanso kunena kuti sadauzidwe. Za Tony adati akadzipereke kwa boma, akasinkhesinkhe m'ndende zaka zambiri, mwina angapulumuke. Carmela adabwerera kunyumba, nadzikulunga m'bulangete, ndipo chimene adachita nkumuumiriza Tony kupereka madola 50,000 ku Columbia University kumene Meadow ankaphunzira. Pambuyo pake adapita kwa wansembe wina, Bambo Obosi, wochokera ku Africa, amene adamlangiza kuti akhalebe pa banja koma aphunzire kudalira mbali yabwino yokha ya zimene mwamuna wake amapeza. Tikumvetsa mtima wa wansembeyu: ukwati ndi sakramenti, ndipo suthetsedwa ngati mgwirizano wa malonda. Koma mbali yabwino ya ndalama za katapila ndi kupha ndi iti? Ndipo Malamulo a Mpingo a mu 1983, pa nambala 1153, amalola kupatukana pamene wina m'banja akuika mzimu kapena thupi la mnzake kapena la ana pa ngozi yaikulu. Tikuvomera ndi manyazi kuti dokotala wachiyuda adayandikira lamulo lathu kuposa ansembe aŵiriwo. Carmela adamthamangitsadi Tony mu 2002, koma chifukwa cha chigololo. Ndipo mu 2004 adamlandiranso atalonjezedwa madola 600,000 ogulira malo omangapo nyumba. M'chigawo chomwecho Tony adalamula kuti Adriana, bwenzi la Christopher ndi mnzake wa Carmela, akaphedwe m'nkhalango chifukwa cholankhula ndi apolisi.

Kodi chaulere cha Mulungu chidamfikira Tony? Seŵeroli likuti chidamfikira, ndiponso poyera. Mu 2006 Junior, mutu utasokonekera ndi ukalamba, adamuombera m'mimba. Ali chikomokere m'chipatala, Tony adalota ali munthu wamalonda wamba, wopanda mfuti, amene wataya zikalata zake ndipo akudzifunsa kuti iye ndani, akupita kuti. Adafika pa nyumba yoŵala, munthu wina namuitana kuti aloŵe, koma asiye chikwama chake panja. Iye adakana kuchisiya, ndipo mau a mwana wake adamuitanira ku moyo. Atadzuka adati tsiku lililonse ndi mphatso. Kwa kanthaŵi adafeŵa. Kenaka, pang'onopang'ono, adabwerera, ndipo adabwerera woipa kuposa kale. Mu 2007 galimoto imene Christopher ankayendetsa ataledzera ndi mankhwala idagubuduzika. Christopher adavulala koopsa. Tony adayamba kuimba telefoni yoitana thandizo, naileka, namtsina mnyamatayo mphuno mpaka adafa. Pa maliro chidamtopetsa ndi kulira kwa anthu. Adapita ku Las Vegas, adagona ndi mkazi amene adali bwenzi la womwalirayo, adapambana pa juga, naseka mpaka kugwa pansi. Buku la Eksodo limati pena Farao adaumitsa mtima wake, pena Mulungu ndiye adauumitsa. Amene waona zigawo zimenezi amvetsa kuti mau aŵiriwo satsutsana: mliri uliwonse ukapita, mpumulo umene ukadamfeŵetsa ndiwo umamuumitsa.

Tsono za mathero ake. Tony mwini wake, mu 2002, adauza Melfi kuti munthu wonga iye ali ndi mathero aŵiri, manda kapena ndende. Nati wapeza njira yachitatu, yolamula kudzera mwa wachibale wokhulupirika. Njira yachitatuyo sidali kulapa. Idali Christopher, yemwe uja adadzamtsina mphuno. Ndende idalidi pafupi: m'chigawo chotsiriza loya wake adamchenjeza kuti mmodzi wa anthu ake akupereka umboni kwa boma. Ena amati chilango chake nkukhalabe ndi moyo, kudzutsa mutu nthaŵi zonse kabelu kakalira, mwina mpaka kudzafanana ndi Junior, amene Tony adampeza m'chipatala cha boma osakumbukanso kuti adalamulapo New Jersey. Maganizo ameneŵa ngokoma, koma ife tikutsamira kwa amene amati adaphedwa. Kumayambiriro kwa zigawo za mu 2007, ali m'bwato ndi mlamu wake Bobby, adakambirana kuti mwina munthu samva nkomwe zikamchitikira, ndipo mau amenewo adaŵabwerezanso dala m'chigawo chotsatana ndi chotsiriza. Ku Holsten's kabelu kakalira timaona nkhope ya Tony, kenaka chimene iye akuona. Ulendo wotsiriza timaona nkhope yake, kenaka mdima. Mlendo wopita kuchimbudzi akukumbutsa filimu ya The Godfather ya mu 1972, imene Tony ndi anzake ankaikonda, m'mene wakupha adakatenga mfuti kuchimbudzi cha nyumba yodyera. Chase wakhala akuzemba funsoli, ngakhale kuti mu 2021 adavomera kuti imfa ya Tony idali m'maganizo mwake pokonza mathero.

Ngati zili choncho, anthu ambiri a masiku ano angati adafa bwino: sadamve ululu, adali pakati pa banja lake, chakudya chili pa tebulo. Makolo athu m'chikhulupiriro ankaganiza mosiyana. M'Litaniya ya Oyera Onse ankapempha kupulumutsidwa ku imfa yadzidzidzi yosaikonzekera, osati poopa ululu, koma poopa kufa osapeza mpata wotembenuka. Wachuma wopusa wa pa Luka 12 sadazunzike. Adangoitanidwa usiku womwe ankaŵerenga nkhokwe zake. Imfa yosamveka ndi yoopsa kwa munthu amene chiyembekezo chake chonse chidali pa maŵa.

Tidalonjeza kubwerera kwa oonerera. Augustine Woyera, m'buku lachitatu la Confessions, adadzifunsa chifukwa chake munthu amakonda kumva chisoni m'bwalo la zisudzo pa zinthu zimene sangafune kuti zimgwere. Ndipo m'buku lachisanu ndi chimodzi adasimba za mnzake Alypius, amene anzake adamkokera ku bwalo la omenyana mpaka kufa. Adatseka maso, koma khamu litafuula adatsekula, ndipo adatuluka ali ndi ludzu la magazi kuposa omkokawo. Chase adadandaulapo poyera kuti anthu amene adamchemerera Tony kwa zaka zambiri ndiwo omwe adafuna kumuona ali kwala m'mbale yake. Wophunzira wathu woyamba uja adalankhulira ambiri. Tidadya naye munthuyu kwa zigawo 85, ndipo pa chigawo cha 86 tidafuna magazi ake kuti atitsuke ife. Mdima uja udatimana zimenezo, ndipo tikuganiza kuti udachita bwino.

Udatimananso china. Za munthu weniweni Mpingo umati tingathe kuweruza chochita chake kuti ndi tchimo lalikulu, koma munthuyo timsiyire chilungamo ndi chifundo cha Mulungu. Katekisimu amatero pa nambala 1861. Mpingo umatchula oyera maina, koma sunatchulepo dzina la munthu kuti ali ku Gehena. Munthu wa m'seŵero ndi wosiyana: alibe mtima wobisika kupatula umene wolemba watiwonetsa, ndipo wa Tony tidauona mpaka m'maloto ake. Pa zimene tidaona, chiweruzo nchosavuta: sadalape. Koma podula chithunzi pamene adadula, Chase adampatsa Tony chinthu chimene munthu weniweni aliyense ali nacho, kamphindi kamene wina aliyense sakaona. Kwa wophunzira wathu wachiŵiri tikuti: inde, chitseko sititseka ndife. Koma asathamangire ku chigaŵenga cha pa mtanda cha pa Luka 23 ngati kuti chidangotengedwa chili chete. Chidavomera poyera kuti chilango chake nchoyenera, chidadzudzula mnzake, ndipo chidapempha. Aquinas amaŵerengera pamodzi kutaya mtima ndi kudalira chifundo popanda kulapa ngati machimo otsutsana ndi chiyembekezo, ndipo ife olalika timagwa kaŵirikaŵiri m'dzenje lachiŵirili pothaŵa loyamba.

Kuti wa Mafia angathe kutembenuka sitikuphunzira ku seŵero koma ku Sicily. Pa 9 Meyi 1993, ku Agrigento, Papa John Paul II adaŵafuulira a Mafia kuti atembenuke mtima, pakuti chiweruzo cha Mulungu chidzafika. Pa 15 Sepitembala chaka chomwecho, Bambo Pino Puglisi, wansembe wa parishi ya Brancaccio ku Palermo, amene ankachotsa ana m'manja mwa zigaŵenga, adaomberedwa pakhomo pa nyumba yao pa tsiku lokumbukira kubadwa kwao, atakwanitsa zaka 56. Mpingo udaŵatchula Odala mu 2013, ndipo mu 2014, ku Calabria, Papa Francis adanena kuti a Mafia sali pa umodzi ndi Mulungu, ngochotsedwa mu Mpingo. Amene adaombera Bambo Puglisi, Salvatore Grigoli, adagwidwa mu 1997, adaulula kupha anthu ambiri, natchula anzake. Iye ndiye adasimba kuti wansembeyo ataona omupha adamwetulira nati ankaziyembekeza, ndipo adati kumwetulira kumeneko sikudachoke m'maso mwake. Za kuzama kwa kulapa kwake adziŵa ndi Mulungu. Chimene tikudziŵa ife nchakuti adakumana ndi munthu amene sadamuope ndipo sadadye zake.

Ku Holsten's kudalibe munthu wotere. Melfi adali atatseka chitseko, Krakower adaiŵalika, Bambo Phil sadaliko. Pa tebulo padali mkazi amene adauzidwa nabwerera, ndi mwana wamwamuna amene adaleka kudandaula za kuipa kwa dziko atangopatsidwa ntchito ndi galimoto yatsopano. Panja padali mwana wamkazi amene adasankha kuphunzira zamalamulo, nanena kuti chidamsonkhezera nkuona apolisi akugwira bambo ake. Woperekera zakudya adabweretsa mbale ya anyezi wokazinga, ndipo atatuwo adatola aliyense chidutswa chake, nachiika mkamwa chathunthu.